Posintha pulogalamu ya imelo ku Nsefu, kodi makalata akale atsala kuti?

PA 31 Disembala 2024, pamene anthu a ku Nsefu anali kalikiliki kupalira cimanga ndi thonje, kampani ya Microsoft ku America inatseka pulogalamu yace yochedwa Mail, imene inali kubwera pamodzi ndi Windows 10 ndi Windows 11. Palibe ng'oma imene inalira ku Malambo pa tsikulo, ndipo palibe kapaso amene anayenda m'midzi kukalengeza. Koma ali yense amene anali kulandirira makalata m'pulogalamu imeneyo, kaya ali ku Lusaka kaya ali m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, anauzidwa ndi makina ace kuti asamukire ku pulogalamu ina yochedwa Outlook yatsopano.

Nkhani yotere imaoneka ngati ya anthu a m'tauni. Si tero ai. M'dziko la a Mfumu Yaikulu Nsefu, m'boma la Mambwe, muli masukulu, zipatala zazing'ono, bungwe la anthu loyang'anira zacilengedwe lochedwa Community Resources Board, ndi misasa ya alendo odzaona nyama. Nchito za malo otere masiku ano ziyendera pa imelo. Nzoona kuti makalata ambiri awerengedwa pa foni, koma kalata ya ofesi yokhala ndi mafomu, malisiti ndi ndandanda ya maina imafuna kompyuta ya pa tebulo kapena laputopu. Ndipo pamenepo pali funso limene ambiri salifunsa kufikira zinthu zitaonongeka: kodi makalata amene munthu awaona pa sikirini agona kuti kweni-kweni?

Kucokera pa kapaso kufika pa ZAMNET

Dziko la Nsefu lakhala likudalira makalata a kutali kwa zaka zambiri. M'caka ca 1950 a Norman Carr, amene anali kugwira nchito yoyang'anira nyama m'boma la atsamunda, anapangana ndi a Mfumu Nsefu a nthawi imeneyo kuti apatule mbali ina ya dziko lao ikhale ya nyama, ndi kuti ndalama zimene alendo adzalipira zidzilowa m'thumba la Akunda. Msasa wa Nsefu, umene unamangidwa pambuyo pa pangano limenelo, ndiwo uwerengedwa kukhala woyamba wa mtundu wace m'Zambia, ndipo m'caka ca 1972 dera limenelo linakhala mbali ya malo osungirako nyama a South Luangwa National Park.

Mlendo wa ku London kapena ku Johannesburg sanyamuka ulendo wotere asanalandire yankho. Kale kalata yace inali kufika pa positi ofesi ya ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, ndi kudikira galimoto yotsikira ku Malambo. M'dzinja, mitsinje ya Lupande ndi Msandile ikadzala, inali kudikira kufikira madzi ataphwa. Mauthenga a msanga anali kuyenda pa wailesi ya m'misasa. Kalata ya mfumu inali kuyenda m'thumba la kapaso, pa njinga, ndipo kope lace linali kutsala m'fayilo ya kalaliki wa khoti. Njira imeneyo inali yocedwa, ndipo ciswe cinadya mafayilo osawerengeka. Koma inali ndi ubwino umodzi: munthu ali yense anali kudziwa pamene kalata yagona. Kalaliki akasamutsidwa, kabati inali kutsala.

Imelo inalowa m'dziko muno kupyolera pa University of Zambia. Kuyambira m'caka ca 1991 akatswiri a pamenepo anali kutumiza makalata mwa njira yochedwa Fidonet. Munthu anali kulemba kalata yace pa kompyuta yosalumikizidwa kwina kuli konse, makalata onse nasonkhanitsidwa, ndipo pa nthawi yoikika makina anali kuimba lamya, kupereka mtolo wonse ndi kulandira wina. Mu Novembala 1994 kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa yunivesite pomwepo, inalumikiza Zambia ku intaneti kotheratu. Mapulogalamu a imelo a zaka zimenezo, monga Eudora ndi Outlook Express, anapangidwa ndi anthu odziwa kuti lamya ndi yodula ndiponso imaduka-duka. Cifukwa cace anali kukoka makalata ndi kuwasunga m'makina a mwini wace. Mapulogalamu ambiri a lero apangidwa ndi anthu amene intaneti iri kwa iwo monga mpweya. Saganiza za ofesi imene netiweki imabwera m'mawa ndi kuthawa masana.

Keyala, seva ndi pulogalamu

Msokonezo waukulu umayamba cifukwa anthu amasakaniza zinthu zitatu. Coyamba ndi keyala, ija yokhala ndi cizindikiro ca @ cimene a Ray Tomlinson a ku America anasankha m'caka ca 1971. Caciwiri ndi seva, kompyuta yaikulu ya kutali imene ilandira makalata usana ndi usiku, kaya ndi ya Google, ya Microsoft, ya Boma kapena ya kampani yogulitsa intaneti. Imeneyi ndiyo positi ofesi. Cacitatu ndi pulogalamu ya pa kompyuta ya mu ofesi, imene nchito yace ndi ya mesenjala: kupita ku positi, kutenga makalata ndi kuwayala pa tebulo. Kusintha pulogalamu ndi kusintha mesenjala cabe. Keyala sisintha, ndipo olemba makalata sadziwa n'komwe kuti pasintha kanthu.

Komatu amesenjala ali a mitundu iwiri. Wa mtundu woyamba agwira nchito mwa njira yochedwa POP. Iye atenga makalata ku seva, nawabweretsa m'kompyuta, ndipo nthawi zambiri seva imafufuta ace pomwepo kapena patapita masiku owerengeka. Ofesi imene yagwiritsa nchito POP kwa zaka khumi iri ndi makalata a zaka khumi m'kompyuta imodzi yokha, ndipo kwina konse kulibe. Wa mtundu waciwiri atsata njira ya IMAP, imene a Mark Crispin anayambitsa m'caka ca 1986. Pa njira imeneyi makalata akhala pa seva, ndipo kompyuta ndi foni zionetsa zimene ziri kumeneko. Zikhoza kusunga makope, ambiri kapena ocepa, monga momwe zaikidwira. Kalata yofufutidwa pa foni ifufutikanso pa kompyuta.

Tsono mlembi amene akhazikitsa pulogalamu yatsopano osadziwa mtundu wa mesenjala amene anali naye ali pa ngozi. Ngati anali pa IMAP, makalata ace adzaonekera m'pulogalamu yatsopano, malinga netiweki iripo ndi bandulo yokwanira. Ngati anali pa POP, pulogalamu yatsopano idzamuonetsa bokosi lopanda kanthu, kapena la makalata a sabata ziwiri zokha. Akale sanataike ai. Ali m'fayilo ina yobisika m'kati mwa makina. Koma pa nthawi imeneyo ndi pamene ena, poona kuti zinthu zasokonezeka, amapereka kompyuta kwa mnyamata wodziwa makina kuti aifufute yonse ndi kuikamo Windows mwatsopano. Makalata a zaka khumi amapita m'maola awiri.

Kodi cotaika ndi ciani? Kwa bungwe la zacilengedwe, ndi makalata oonetsa ndalama zimene zinalonjezedwa kucokera ku nyama za m'dera la Lupande Game Management Area, ndi malipoti a minda imene njobvu zinaononga. Kwa mphunzitsi wamkulu, ndi mayankho a ofesi ya maphunziro ya pa boma, ndi ndandanda ya ana opempheredwa cithandizo ca CDF, thumba limene m'caka ca 2022 linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, kuphatikizapo la Malambo. Kwa msasa wa alendo, ndi mapangano a anthu amene asungitsa malo caka cathunthu asanabwere. Mlendo akasokonezedwa masiku ace sabweranso, ndipo amene amva kuwawa ndi ophika, ocapa ndi otsogolera alendo a m'midzi yozungulira, amene malipiro ao adalira miyezi yocepa ya cilimwe. Ofufuza mabuku a ndalama nawo akafika, safunsa kuti pulogalamu inali yanji. Afuna kuona kalata.

Outlook yatsopano ndi magetsi a ku Malambo

Outlook yatsopano, imene Microsoft inaitulutsa kwa anthu onse pa 1 Ogasiti 2024, iri ndi dzina lofanana ndi Outlook yakale ya m'maofesi, koma m'kati ndi cinthu cina. Kunena zoona ndi tsamba la pa intaneti lobvekedwa malaya a pulogalamu. Iri ndi zabwino zace: sigulidwa, sibvuta kuikhazikitsa, ndipo ioneka cimodzimodzi pa makina onse, ngakhale kuti amene salipira Microsoft amaona malonda pakati pa makalata ao. Pamene inatuluka inali yofooka kwambiri popanda intaneti, ndipo kufikira kuciyambi kwa 2025 sinali kutha kutsegula mafayilo a PST, amene Outlook yakale isungamo makalata. Microsoft yakhala ikukonza zimenezi pang'ono-pang'ono, koma mapangidwe ace sanasinthe. Nkhokwe iri kutali, ndipo m'kompyuta mukhala makope a nyengo imene mwini wace wasankha.

Ku Lusaka kapena ku Kitwe zimenezi mwina sizibvuta kwambiri. Ku Malambo zifuna kuziganizira. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kotero kuti pofika Seputembala malo ambiri anali kuona magetsi kwa maola atatu okha pa tsiku. Nsanja za mafoni nazo zidalira magetsi. Mabatire ace akatha, ndipo mafuta a jenereta akacedwa, netiweki imazima ngakhale laputopu ya mu ofesi iri yodzala ndi moto wa sola. Pa tsiku lotere, mlembi wokhala ndi makalata m'makina ace akhoza kutsegula kalata ya caka catha, kulemba mayankho asanu ndi kuwaika pa mzere kuti adzapite netiweki ikabwera, monga momwe a Fidonet anali kucitira mu 1991. Mnzace wodalira nkhokwe ya kutali angoyang'ana kacizindikiro kozungulira pa sikirini. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ndi wa mphepo.

Nzoona kuti Starlink, intaneti yocokera ku masetilaiti, inayamba kugulitsidwa m'Zambia mu Okutobala 2023, ndipo yathandiza amene angathe kulipira. Koma mbale ya Starlink nayo idya magetsi, ndipo thumba la sukulu ya kumudzi silingayerekezedwe ndi la msasa wa alendo olipira madola.

Pali nkhani inanso, ya cinsinsi. Mu Novembala 2023 magazini ya ku Germany yochedwa c't inaonetsa kuti munthu akalowetsa keyala ya IMAP ya kampani ina m'Outlook yatsopano, mau ace acinsinsi ndi makope a makalata amapita ku makompyuta a Microsoft, ndipo ndiwo amene amakatenga makalata m'malo mwa mwini. Microsoft imachula za kusungidwa kwa makalatako pa nthawi yokhazikitsa keyala, koma ndi angati amawerenga asanadine? M'dziko muno lamulo la Data Protection Act la 2021 linena kuti nkhani za anthu zisungidwe pa makompyuta a m'Zambia, makamaka zija zacinsinsi ceni-ceni monga za matenda. Conco wogwira nchito pa cipatala kapena mu ofesi ya Boma sayenera kudzisankhira pulogalamu ngati asankha malaya pa salaula. Afunse akulu a nchito yace, pakuti za makompyuta a Boma ziri ndi eni ace, a bungwe la Smart Zambia Institute.

Thunderbird, ndi zimene zinacitika ku Germany

Pulogalamu imene ambiri athawirako ndi Thunderbird, ya m'banja la Mozilla, eni ace a Firefox. Inatuluka mokwanira mu Disembala 2004, ndi yaulere, iribe malonda, ndipo igwira pa Windows, pa Linux ndi pa makina a Apple. Idziwa POP ndi IMAP, isunga makope m'kompyuta, ndipo iri ndi mafoda a m'makina momwemo amene seva siwakhudza. Munthu akhoza kuiuza kuti itenge makalata a masiku 30 okha, kapena kuti isiye makalata olemera kufikira atawafuna, cinthu cofunika kwa wogula bandulo ya pa sabata. Koma siiri yopanda cilema. Maonekedwe ace anasintha kwambiri m'caka ca 2023 ndipo ena ozolowera akale anadandaula. Ndiponso kuti itenge makalata a m'Outlook yakale, ifuna kuti Outlook imeneyo ikhale ikali m'kompyuta yomweyo. Wofulumira kucotsa yakale adzitsekera yekha njira.

Ena asiya mapulogalamu onse nangotsegula Gmail pa Chrome. Njira imeneyi nayo ikhoza kusunga makalata a masiku 7, 30 kapena 90 oti awerengedwe popanda netiweki, koma pokhapo mwini atapita yekha kukaiuza kutero.

Kusamuka kwakukulu kwa mtundu umenewu kunacitika m'cigawo ca Schleswig-Holstein, kumpoto kwa Germany. Boma la cigawo cimeneco linaganiza zosiya Outlook ndi Exchange za Microsoft ndi kutenga Thunderbird ndi Open-Xchange, kuti makalata a Boma akhale m'manja mwa Boma. Nchitoyo inatenga miyezi 6, nitha mu Okutobala 2025, atasamutsa mabokosi oposa 40,000 okhala ndi makalata ndi zolembedwa za pa kalendala zoposa 100 miliyoni. Sizinayende myaa. Oweruza ndi oimira Boma pa milandu anadandaula kuti nthawi zina sanali kutha kuona makalata ofunika msanga, ndipo nduna yoona za makompyuta, a Dirk Schrödter, inabvomereza kuti panali zolakwa. Ngati Ajeremani, okhala ndi akatswiri ndi magetsi osazima, anapunthwa, ofesi ya zipinda ziwiri ya ku Nsefu isayembekeze kumaliza nchito yotere pa Cisanu masana. Komabe iri ndi mwai umene Ajeremani analibe: bokosi lace ndi limodzi kapena awiri, ndipo mlembi adziwa pamtima makalata amene ali ofunika.

Zotsalira pa bwinja

Anthu a ku Malambo adziwa kusamutsa mudzi, madzi akakokolola gombe kapena njobvu zikanyanya. Zitseko, malata ndi matumba a cimanga zimanyamulidwa poyamba. Zimene zimaiwalika pa bwinja ndi zazing'ono, monga mbeu za maungu zopacikidwa ku tsindwi, zimene mai a nyumba adzazikumbukira mvula itagwa kale. Pa kusamuka kwa imelo ziri comweco.

Nchito yoyamba, pulogalamu yatsopano isanakhazikitsidwe n'komwe, ndi kukopera nkhokwe yakale. Ya Outlook yakale ndi fayilo ya PST. Ya Outlook Express, ngati pakali makina a nthawi ya Windows XP, ndi mafayilo a DBX. Ya Windows Live Mail, imene Microsoft inaisiya mu Januwale 2017, ndi foda ya mafayilo a EML, ndipo ya Thunderbird ndi foda yochedwa profile. Kope liikidwe pa fulashi kapena pa hadi disiki ya padera, ndipo likagone m'nyumba ina. Kutentha kwa Okutobala, kumene m'cigwa kumapitirira madigiri 40, fumbi la cilimwe ndi mphezi za mvula yoyamba ndi adani a makina. Ndipo moto kapena mbala sizisiya fulashi yogona m'kabati imodzi ndi kompyuta.

Wa IMAP nayenso asadzitame kuti zace ziri pa seva. Seva si yamuyaya. Bokosi laulere la Gmail liri ndi malire a 15 GB, ndipo likadzala makalata atsopano salowa. Kuyambira Disembala 2023 Google inadzipatsa ufulu wofufuta keyala iri yonse imene yakhala zaka ziwiri yosatsegulidwa. Makalata a mapangano, a malo ndi a ndalama ayenera kukopedwa kucoka pa seva kupita m'foda ya m'makina, ndipo ena a iwo aposa pamenepo: ayenera kusindikizidwa pa pepala ndi kulowa m'fayilo monga kale.

Kenaka pali makeyala a anthu, ndipo apa ndi pamene ambiri agwa. Mlembi wazolowera kuti akalemba zilembo ziwiri pulogalamu imamalizitsa keyala yonse, ndipo aganiza kuti makeyalawo ali m'buku. Koma kawiri-kawiri ali m'cikumbukiro ca pulogalamu yakale, cimene sicisamuka. Buku leni-leni la makeyala litulutsidwe m'fayilo ya CSV kapena vCard, ndipo makeyala ofunika amene mulibe alembedwe ndi bolopeni m'kope la mu ofesi. Dzina ndi udindo zolembedwa pansi pa kalata iri yonse, malamulo ogawira makalata m'mafoda, ndi masiku a misonkhano a pa kalendala, zonsezi nthawi zambiri zifuna kukonzedwa mwatsopano. Foda ya makalata otumizidwa ndiyo yoiwalika koposa, cikhalireco ndiyo umboni wakuti ofesi inayankha pa nthawi yace.

Kukoka makalata a zaka zambiri kucokera ku seva kudya bandulo ndi nthawi. Wanzeru anyamula laputopu pa ulendo wa ku Mfuwe kapena ku Chipata, kumene netiweki ndi yolimba, nacitira nchitoyo kumeneko. Asankhenso nyengo. Sabata ya mayeso si yabwino, ngakhale masiku a malipoti a kumapeto kwa mwezi, ndipo yoipa koposa ndi nthawi imene mvula yagwa kale, pamene wodziwa makina sangaoloke mtsinje kudzathandiza.

Pulogalamu yakale isacotsedwe msanga. Ikhale pamenepo miyezi itatu, kufikira malipoti onse a nyengo imeneyo atapita bwino. Koma ngati inali ya POP, iletsedwe kukatenga makalata atsopano. Amesenjala awiri akamapita ku positi imodzi, wina atenga makalata a Lolemba, wina a Laciwiri, ndipo ofesi idzafuna kalata kumene kulibe. Kanthu kena kamene kamaopsa osazolowera ndi mizere yofiira imene pulogalamu yatsopano ilemba pansi pa mau onse a Cinyanja ndi Cikunda. Kalatayo sinalakwe. Makinawo angodziwa Cingerezi cabe, ndipo mizereyo ikhoza kuzimitsidwa.

Kiyi ali ndi yani?

Bvuto lomaliza ndi la anthu, osati la makina. Keyala ya ofesi yaing'ono kawiri-kawiri imatsegulidwa ndi munthu mmodzi, pa nambala ya foni yace. Pulogalamu yakale imasunga mau acinsinsi, ndipo kwa zaka zambiri palibe amene awafunsa. Pulogalamu yatsopano iwafunsa pa tsiku loyamba. Ndiponso mau acinsinsi okha sakwanira masiku ano. Google inaleka mu Meyi 2022 kulola mapulogalamu akale kulowa m'Gmail ndi mau acinsinsi wamba, ndipo Microsoft inacita cimodzimodzi pa makeyala a Outlook.com ndi Hotmail mu Seputembala 2024. Polowa koyamba pa makina acilendo, nthawi zambiri nambala yotsimikizira imatumizidwa ku foni imene inalembetsedwa. Ngati mwini foniyo anasamutsidwira ku Lundazi, kapena anataya SIM khadi, kapena anamwalira, ofesi yatsekeredwa kunja kwa makalata ace omwe, ndipo ku Google kulibe khomo loti mfumu ya mudzi ikagogode ndi kucitira umboni.

Cifukwa cace, kusamuka kusanayambe, keyala itsegulidwe pamene anthu odziwa mau acinsinsi akali pafupi. Nambala yotsimikizira isinthidwe ikhale ya foni ya ofesi, pakhalenso yaciwiri ya munthu wina waudindo, ndipo mau acinsinsi alembedwe, aikidwe mu envulopu yomatidwa ndi kusungidwa kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa wapampando. Wocoka pa nchito akamapereka makiyi a ofesi, cidindo ndi buku la ndalama, aperekenso envulopu imeneyo.

Kusamuka kwa 2024 sikunali komaliza. Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, nipereka caka cimodzi coonjezera, kufikira pa 13 Okutobala 2026, kwa amene analembetsa. Za Outlook yakale inalonjeza kuti idzaisamalira kufikira m'caka ca 2029. Makompyuta akale, monga ambiri a mphatso amene amafika m'masukulu a kumidzi, sangalandire Windows 11 cifukwa alibe kacipangizo kochedwa TPM 2.0 kapena ali ndi ubongo wa mtundu wakale. Makina otere akhoza kuikidwa Linux m'malo motayidwa, ndipo ofesi imene makalata ace ali kale m'Thunderbird ingokopera foda yace ya profile kucoka pa Windows kupita pa Linux, makalata, makeyala ndi mafoda nazipezeka monga momwe zinaliri.